Mbiri ya Mchira wa Helikopita

Pa 14 Seputembala 1939, pabwalo la fakitale ku Stratford m'chigawo cha Connecticut ku America, Igor Sikorsky anakhala pampando wa pamtetete wopanda galasi ngakhale chitseko, chipewa chili kumutu, n'kuliza injini ya makina otchedwa VS-300. Bamboyo anali ndi zaka 50. Makinawo anali atawamangirira pansi ndi zingwe kuti asathawe, ndipo anangonyamuka pang'ono kwa masekondi owerengeka n'kutera. Pamwamba pake panali pulopela yaikulu imodzi. Kumapeto kwa mchira wa zitsulo kunali kapulopela kena kakang'ono, koyang'ana cham'mbali, kamene sikankanyamula kanthu. Ntchito yake inali imodzi: kuletsa ndegeyo kuzungulira.

Vutoli ndi lakale kuposa helikopita, ndipo Isaac Newton anali atalifotokoza kale. Chinthu ukachikankha, nacho chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Mmisiri amene anagwirapo dirilo yamagetsi amadziwa zimene zimachitika nsonga ikakakamira m'thabwa lolimba: dirilo yonse imapotokola dzanja kulowera mbali inayo. Injini ya helikopita ikamazunguza pulopela yaikulu, thupi la ndegeyo limafuna kuzungulira mobwerera, ndipo m'malere mulibe poponda. Akatswiri amaitcha mphamvu imeneyi kuti torque. Aliyense amene anayesapo kupanga helikopita anakumana nayo tsiku loyamba, ndipo maonekedwe a helikopita iliyonse imene mwaionapo akusonyeza yankho limene wopangayo anasankha.

Anthu oyambirira anaganiza zoti mphamvuyo iphane yokha. Mapulopela awiri ozungulira mosemphana amafafanizirana torque. Mu 1907 ku France, Paul Cornu, amene ankapanga njinga, anaika pulopela imodzi kutsogolo ina kumbuyo, ndipo m'chaka chomwecho Louis Breguet ndi mng'ono wake Jacques anaika anayi. Sikorsky nayenso, ali mnyamata ku Kiev mu 1909 ndi 1910, anasanjikiza awiri pamtanda umodzi, koma makina ake sanathe kumunyamula, choncho anasiya n'kuyamba kupanga ndege za mapiko wamba. Pa 4 Meyi 1924, Étienne Oehmichen anauluka kilomita imodzi n'kubwerera pamene anayambira, pogwiritsa ntchito makina a mapulopela aakulu anayi ndi timapulopela tina tisanu ndi titatu towongolera. Anaulukadi, koma makina otero sakanatha kupita patali.

Nzeru ya pulopela yaikulu imodzi ndi kena kakang'ono kumchira inatulukira ku Russia. Boris Yuriev, wophunzira wa katswiri wa za ndege Nikolai Zhukovsky, anaijambula cha mu 1911 ndipo anaonetsa makina ake ku Moscow mu 1912, ngakhale kuti sanauluke. Ku Netherlands, Albert von Baumhauer anayesa zomwezo m'zaka za m'ma 1920, kapulopela ka kumchirako kali ndi injini yakeyake. Mu 1932 helikopita ya Soviet Union yotchedwa TsAGI 1-EA, yokhala ndi timapulopela kumphuno ndi kumchira komwe, inakwera mamita 605, koma boma linasunga nkhaniyo mwachinsinsi ndipo mayiko ena sanadziwe. Juan de la Cierva wa ku Spain anangolizemba vutolo. Mu autogiro yake ya 1923 pulopela yaikulu inkazunguzidwa ndi mphepo, osati injini, kotero panalibe chopotokola thupi. Mtengo wake unali wakuti ndegeyo sinkatha kuima malo amodzi m'malere, chimene ndi chifukwa chenicheni chimene anthu amafunira helikopita.

Pofika 1939 zinkaoneka kuti nkhani yatha, ndipo apambana ndi a mapulopela awiri. Fw 61 ya Heinrich Focke, yokhala ndi pulopela imodzi kumanja ina kumanzere, inauluka pa 26 Juni 1936, ndipo mu Febuluwale 1938 mayi Hanna Reitsch anaiulutsa m'kati mwa holo yaikulu ya Deutschlandhalle ku Berlin, khamu la anthu likuonerera. Anton Flettner anaika mapulopela awiri moyandikana kwambiri, opendekeka pang'ono, mapiko awo akulowerana osagundana. Amenewa anali makina omvera woyendetsa. Kwa akatswiri ambiri nthawi imeneyo, kuwononga mphamvu ya injini pa kapulopela kosanyamula kanthu kunali kusaganiza bwino.

Sikorsky nayenso sanafike pa yankho lake mosavuta. VS-300 anaiphwasula ndi kuimanganso kambirimbiri. Pa nthawi ina inali ndi timapulopela titatu kumchira, kamodzi koletsa kuzungulira, tiwiri togona chafufumimba towongolera kupendekeka. Ikali choncho inkaima bwino m'malere, inkapita cham'mbali ngakhale chobwerera, koma kupita kutsogolo kunkaivuta, chifukwa mphepo yotsika kuchokera ku pulopela yaikulu inkamenya timapulopela togonato. Mu Disembala 1941 anachotsa zonsezo, ntchito yopendeketsa ndege anaipereka kwa pulopela yaikulu, kumchira n'kutsala kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo kunabadwa R-4 ya 1942, helikopita yoyamba kupangidwa yambirimbiri ku America. Arthur Young wa kampani ya Bell anatsata njira yomweyo, ndipo Bell 47 inalandira chilolezo choyamba cha helikopita ya anthu wamba pa 8 Malichi 1946.

Kuti timvetse chifukwa chake njira imeneyi inafala chotere, tiyenera kukhala pampando wa woyendetsa. Dzanja lamanja limagwira ndodo yotchedwa cyclic, imene imapendeketsa ndege. Lamanzere limagwira collective, imene imakweza kapena kutsitsa ndege posintha mmene mapiko onse akudulira mphepo. Mapazi ali pa mapedulo awiri, ndipo mapedulowo sasintha liwiro la kapulopela ka kumchira koma kapendekedwe ka mapiko ake. Zitatuzi n'zolumikizana ngati unyolo. Ukakweza collective, injini imagwira ntchito kwambiri, torque imakula, mphuno imayamba kuthawa, ndiye phazi liyenera kukhala litaponda kale. Wophunzira amavutika kwambiri pamenepa, chifukwa akangokonza chimodzi, ziwiri zinazo zasokonekera.

Phazi loponda limadalira kumene ndegeyo inapangidwa. Mu mahelikopita a ku America, monga a Bell, Sikorsky ndi Robinson, pulopela yaikulu ukaiyang'ana kuchokera pamwamba imazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Mphuno imathawira kumanja, ndipo powonjezera mphamvu umaponda kumanzere. Mu a ku France, monga Alouette, Puma ndi Écureuil, ndiponso a Mil a ku Russia, zonse n'zotembenuka: umaponda kumanja. Kuno kum'mwera kwa Africa, kumene ndege za ku France, za ku Russia ndi za ku America zakhala zikugwira ntchito m'mlengalenga umodzi, woyendetsa wosintha ndege amayenera kuphunzitsanso mapazi ake. Aphunzitsi abwino amauza ophunzira kuti asaloweze dzina la phazi, koma ayang'ane kunja ndi kuletsa mphuno kulowera kumene ikuthawira.

Palinso china chimene munthu woima pansi angachione. Kapulopela ka kumchira kakamakankha mchira, kamakankhanso ndege yonse cham'mbali. Helikopita ya ku America ikaima m'malere imafuna kutsetserekera kumanja, ndipo poletsa zimenezi pulopela yaikulu imapendekera pang'ono kumanzere. N'chifukwa chake ndege zimenezi zimalendewera mwendo wakumanzere uli pansi pang'ono, ndipo ndi umenewo umene umayamba kugunda nthaka potera. Ndege ikathamanga, mphepo yodutsa pa chipsepse cha kumchira imathandiza kuiwongola, mapazi n'kupuma.

Zoipa za kapulopela kameneka n'zodziwika, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Kamadya gawo la mphamvu ya injini, pafupifupi limodzi mwa magawo khumi ndege ikaima m'malere. Kamazungulira mofulumira kangapo kuposa pulopela yaikulu, moti maso sakaona bwino, ndipo pa ndege zambiri zing'onozing'ono kali pa msinkhu wa mutu wa munthu. Kapha anthu ogwira ntchito pansi ndi apaulendo amene anazungulira kumbuyo. Ndiye chifukwa chake lamulo loyamba kwa aliyense woyandikira helikopita, kaya ndi namwino wonyamula wodwala kaya ndi munthu wotsitsa matumba a ufa kumalo a madzi osefukira, ndi lakuti adzere kumene woyendetsa akumuona, kumchira ayi. Kamakola nthambi, mawaya ndi mipanda. Phokoso lobaya m'makutu la helikopita, lambiri limachokera komweko.

Choopsa china sichioneka ndi maso. Ndege ikamayenda pang'onopang'ono, osafika makilomita 55 pa ola, yolemedwa, pamalo okwera ndi otentha, mphepo yochokera mbali zina imatha kusokoneza kapulopelako kali kabwinobwino. Mphepo ya kumbuyo imafuna kutembenuza ndege kuti mphuno iyang'ane kumene mphepoyo ikuchokera. Ya m'mbali imabwezera kapulopelako m'mpweya wake womwe wavunduka, kapena kukathira mafunde ochokera kunsonga za mapiko aakulu. Mphuno imayamba kuyenda, ndipo woyendetsa akachedwa kuponda, kuzungulirako kumakula. Asilikali a ku America anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1980 ndege zawo za OH-58 zitachita ngozi zingapo, ndipo bungwe loona za ndege ku America la FAA linatulutsa chenjezo mu 1995. Malangizo ake ndi osavuta kunena koma ovuta kuchita munthu ali ndi mantha: ponda pedulo mpaka pansi, usachotse phazi, tsitsa mphuno kuti upeze liwiro, ndipo ngati pali danga chepetsa mphamvu.

Zikakhala kuti chitsulo chenichenicho chathyoka, nthawi imakhala yochepa kwambiri. Pa 27 Okutobala 2018, helikopita ya AW169 inanyamuka pabwalo la mpira la King Power ku Leicester ku England. Ili m'mwamba, beringi ya m'makina olumikiza mapedulo ndi kapulopela ka kumchira inauma n'kukakamira, mapedulo anasiya kugwira ntchito, ndegeyo inazungulira mpaka kugwa. Anthu onse asanu anamwalira, kuphatikizapo Vichai Srivaddhanaprabha, mwini wake wa timu ya Leicester City. Ofufuza anapeza kuti woyendetsayo analibe chimene akanachita kuti aibwezere m'manja. Chimene chimaphunzitsidwa pa vuto lotere ndi kuchotsa mphamvu ya injini, chifukwa popanda mphamvuyo palibenso chopotokola, n'kutsika mwa autorotation, mphepo yokwera ikuzunguza mapiko. Koma zimenezi zimafuna kutalika kokwanira ndi malo oti ugwerepo.

A mapulopela awiri sanagonje. Frank Piasecki anaulutsa ndege yake yaitali yokhota mu 1945, pulopela imodzi kutsogolo ina kumbuyo, ndipo mdzukulu wa ndege imeneyo ndi CH-47 Chinook, imene inayamba kuuluka mu 1961 ndipo ikupangidwabe. Mphamvu yonse imapita kokanyamula katundu. Katunduyo ukhoza kumuika kutsogolo kapena kumbuyo popanda nkhawa yaikulu, ndipo mphepo ya m'mbali siisautsa kwambiri. Mapedulo ake amapendeketsa pulopela yakutsogolo mbali ina, yakumbuyo mbali inayo, ndege n'kutembenuka. Oyendetsa aluso amatha kuponda mwala wa paphiri ndi mateyala akumbuyo okha, mbali yakutsogolo ili lende m'malere, anthu akutsika. Koma mapiko a mapulopela awiriwo amalowerana, ndiye pali shafuti yaitali yodutsa pamsana pa ndege yoonetsetsa kuti akuyendera limodzi, pamodzi ndi magiyabokosi angapo olemera. Chilichonse mwa zimenezi chiyenera kukhala changwiro.

Nikolai Kamov ku Soviet Union anasanjikiza mapulopela awiriwo pamtanda umodzi, ndipo asilikali apamadzi anaikonda njirayi chifukwa ndege yopanda mchira wautali imakwana pasitima yaing'ono yogwedezeka. Ka-25, Ka-27 ndi Ka-32 zonse n'zotero. Pano mapedulo amawonjezera ntchito ya pulopela imodzi ndi kuchepetsa ya inayo, kotero torque yomweyo imene ena amalimbana nayo ndi imene imatembenuza ndege. Nzeru imeneyi ili ndi pofooka pake. Injini ikazima ndege n'kumatsika mwa autorotation, torque imachepa kwambiri, mwinanso kutembenuka, ndipo mapedulo amafooka pa nthawi imene akufunika koposa. Ichi n'chifukwa chake ndege za Kamov zili ndi zipsepse zikuluzikulu kumbuyo zokhala ndi ziwongolero ngati za ndege wamba. Mtanda wake ndi wamtali ndi wodzaza zitsulo, popeza mapiko apamwamba ndi apansi sayenera kukumana. Njira ya Flettner inapitirira ku America kudzera mwa Charles Kaman, ndipo K-MAX yake ya 1991 imanyamula makilogalamu pafupifupi 2,700 pa chingwe, kuposa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Imeneyi suiyandikira cham'mbali, chifukwa ndi kumene mapiko ake amatsikira pansi.

Ena anati injini isazunguze shafuti n'komwe, koma mpweya uzituluka kunsonga za mapiko n'kumawakankha. Friedrich von Doblhoff anayesa ku Austria mu 1943, Afalansa anapanga Djinn, ndipo Angerezi anapanga Fairey Rotodyne ya 1957. Torque inathadi, koma mafuta ankapita ambiri, phokoso linali losapiririka, ndipo Rotodyne inathetsedwa mu 1962.

Kusintha kumene kunakhalitsa kunachokera ku Marignane kum'mwera kwa France. Paul Fabre ndi René Mouille a kampani ya Sud Aviation sanachotse kapulopelako, anangokabisa. Anaboola chipsepse chachikulu cha kumchira n'kuikamo fani ya mapiko ambiri aafupi, yotchedwa Fenestron. Inauluka koyamba pa 12 Epulo 1968 pa ndege yoyeserera imene inadzakhala Gazelle, kenako inalowa pa Dauphin. Munthu sangagundidwe nayo mwangozi ngati kale, nthambi siziikola msanga, ndipo ndege ikathamanga chipsepsecho chimatenga pafupifupi ntchito yonse, faniyo n'kupuma. Pa EC135 ya m'ma 1990 mapikowo anawatalikitsa mosafanana dala, kuti phokoso lisatuluke ndi liwu limodzi lobaya.

M'mapazi, Fenestron ili ndi khalidwe lake. Pakati pa ulendo wa pedulo imayankha mofatsa, ndipo mphamvu yambiri ili chakumapeto. Woyendetsa wozolowera kapulopela ka pamtetete, kamene kamalumpha ukangokagunda, amaponda pang'ono, n'kuona kuti mphuno sinaime, n'kuganiza kuti mchira wafa. Ngozi zingapo za Gazelle zinachitika motero potembenukira kumanzere pafupi ndi nthaka, mpaka anthu anayamba kunena kuti faniyo imaleka kugwira. Atayesa mwadala, anapeza kuti mphamvu inalipo, chimene chinkasowa ndi phazi loponda mpaka kumapeto ndi kudikira. Vuto lake lenileni ndi njala ya mphamvu ndege ikaima m'malere, komanso kulemera kwa chikombole chake. Anaiyesa pa Puma m'zaka za m'ma 1970 ndipo anaona kuti pa ndege yolemera chotero siipindula.

Njira imene imandikhudza mtima kwambiri ndi NOTAR ya kampani ya Hughes, chifukwa inali nzeru yokongola imene sinalandire zoyenera. Angerezi anali atayesapo kuuzira mpweya kumchira pa Cierva W.9 m'zaka za m'ma 1940, koma a Hughes anawonjezerapo china. Anaika fani m'kati mwa thupi la ndege, yopopera mpweya mu mchira wonenepa ngati mpope. Mpweyawo umatuluka pa ming'alu iwiri yaitali kumbali yakumanja n'kumamatira khungu lokhota la mchirawo, monga anafotokozera Henri Coandă wa ku Romania. Ukatero umakoka mphepo yotsika kuchokera ku pulopela yaikulu kuti izungulire mchira, ndipo mchira wonsewo umasanduka phiko lokankhira cham'mbali. Ndege ikaima m'malere, zimenezi zimagwira mpaka magawo 60 pa 100 a ntchitoyo. Yotsalayo imagwiridwa ndi chotulutsira mpweya cha kumapeto kwenikweni, chimene mapedulo amachitembenuza, ndipo pa liwiro zipsepse ziwiri zimalandira ntchito. OH-6 yosinthidwa inauluka motere mu Disembala 1981, ndipo MD 520N inafika kwa apolisi a ku Phoenix mu 1991.

Kunja kulibe chozungulira chilichonse. Ukhoza kulowetsa mchira m'tchire, ukhoza kutera pamsewu wa m'tauni anthu ali pafupi, ndipo ndegezi zili m'gulu la zachete kwambiri. Ambulansi ya m'mlengalenga ya ku London inagwiritsa ntchito MD 902 Explorer kuyambira mu 2000 pa zifukwa zomwezi. Koma oyendetsa amanena kuti mapedulo ake amayankha mochedwerako, popeza ukukankha mpweya osati chitsulo, ndipo amafunika kuganizira patsogolo. Ndegeyo imatayako liwiro ndi mphamvu poiyerekeza ndi abale ake a mchira wamba. Choposa zonse, nzeruyo inakhala m'manja mwa kampani imodzi imene inasintha eni ake kangapo ndipo sinathe kugulitsa zambiri. Mu 2024 a ku London anasintha ndege zawo n'kutenga H135, za Fenestron.

Ndikaziyika pamodzi zonsezi, ndimaona kuti Sikorsky anapambana chifukwa kapulopela kake kamamvera phazi mofanana, injini ikulira kapena itazima, pakuti kamalumikizidwa ndi pulopela yaikulu ndipo kamazungulira malinga ngati iyo ikuzungulira. N'kopepuka, makaniko amakaona ndi maso n'kukagwira ndi manja, ndipo kamakula limodzi ndi ndege. Pa Mi-26, helikopita yaikulu kuposa zonse zimene zinapangidwa zambiri, kapulopelako n'kotambalala mamita oposa 7, pafupifupi ngati pulopela yaikulu ya helikopita yaing'ono. Akatswiri akhala akukakonza m'malo mokataya. Pa Black Hawk anakapendeketsa madigiri 20 kuti kazinyamulako pang'ono mchira. A Mil anakachotsa kumanja kwa mchira pa Mi-8 n'kukaika kumanzere pa Mi-17 kuti kagwire bwino, ndipo munthu wodziwa amasiyanitsa ndege ziwirizi poyang'ana pomwepo.

Magetsi atsegulanso nkhaniyi. Ma drone ambiri, ngati ena amene akhala akuyesedwa ku Kasungu kuchokera pamene boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera mu 2017, ali ndi mapulopela anayi, awiri ozungulira uku, awiri uko. Amatembenuka pofulumizitsa awiri ndi kuchedwetsa enawo, kompyuta ikuwerengera kambirimbiri pa sekondi, ntchito imene Oehmichen ankayesa kuchita ndi manja. Ingenuity, imene inauluka ku Mars pa 19 Epulo 2021, inali ndi awiri osanjikizana ngati a Kamov, popeza malo oipakira anali ochepa. Mu 2020 kampani ya Bell inaonetsa Bell 429 yoyeserera imene inachotsedwa shafuti yaitali ya kumchira ndi magiyabokosi ake, m'malo mwake muli mafani anayi aang'ono m'chipsepse, iliyonse ndi mota yake yamagetsi. Imodzi ikafa, zitatu zimapitiriza, ndipo ndege ikatera woyendetsa amatha kuzizimitsa zonse pulopela yaikulu ikuzungulirabe, anthu n'kumadutsa kumbuyo popanda choopsa.